Michombo ya phula la Abiti Saidi

Fungo la karafuu, timitengo tonunkhira tothira mu tiyi ndi mpunga, likangondipeza, ngakhale ndili m'minibasi yothinana ya ku Uliwa, ndimabwerera kuseri kwa nyumba ya Abiti Saidi pa Boma la Karonga, kumene mbaula inkathetheka pansi pa mtengo wa mango, madzi akubwadamuka m'poto, ndipo m'madzimo chitini cha phula chikugundagunda ngati chikufuna kutuluka. Utsi wa makala unkasakanikirana ndi fungo la mandimu, n'kudutsa mpanda wa bango umene unkatilekanitsa, mpaka zovala za amayi anga pachingwe zinkanunkhira ngati za mkwatibwi.

Abiti Saidi anali a ku Mangochi. Anabwera ku Karonga ndi amuna awo, Che Yusufu, amene anali ndi golosale pafupi ndi msika. Chinkhonde chawo chinathera pa mawu amodzi othokozera, "ndaga", ndipo ankawanena paliponse, ngakhale munthu akawaponda phazi. Ankapanga timibulu ta phula lonunkhira, topanda chingwe cha kandulo. Umaika kamodzi m'kambale pamwamba pa kamoto, kakasungunuka nyumba yonse imanunkhira. Phulalo ankaitanitsa kwa amayi a geni ya ku Songwe, kumalire ndi Tanzania, ndipo zikombole zawo zinali timathileyi toumitsira madzi m'filiji.

Ine sindine munthu wodekha. Sukulu ndinaisiyira Folomu 2, ndipo amene amandifunsa chifukwa lero ndi omwewo amene ankayang'ana kumbali nthawi imeneyo. Ndili mwana ndinali kale chonchi, choncho ntchito ya Abiti inkandikwiyitsa ngakhale sindinkachoka pambali pawo. Chilichonse kwa iwo chinali kudikira. Zikombole ziyambe zawothera dzuwa. Phula likasungunuka lisathiridwe lili lotentha kwambiri, lidikire mpaka m'mbali mwa chitini muyambe kuyera. Likathiridwa livindikiridwe ndi beseni, m'chipinda mopanda mphepo. Ankati phula likamauma limachepa, ndiye likazizira mofulumira m'mbali mumauma msanga, pakati n'kutitimira, kusiya kadzenje. Kadzenjeko ankakatcha mchombo.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri chinali choti sankamaliza phula m'chitini. Nthawi zonse ankasiya lina pansi. Ndinawauza tsiku lina kuti n'kuumira basi.

"Si kuumira, Tumpale," anatero. "Limeneli ndi la mchombo. Nthawi yake ikubwera."

Inabweradi pa ukwati wa mwana wawo Zainabu. Abiti analonjeza kuti mayi aliyense wa kuchimuna adzabwerera kwawo ndi kambulu konunkhira. Azakhali a mkwati, amene ankagulitsa zodzola za ku Tanzania, anali atanena kale pagulu kuti phula lopangira pakhomo limaoneka ngati sopo wodyedwa ndi makoswe. Mawuwo anafika kwa Abiti. Iwo anangogula mafuta onunkhiritsa phula abwino kuposa onse amene anagulapo.

Tsiku limene alendowo ankafika, Abiti anathira phula m'mawa, analivindikira, n'kukhala pamkeka kuti awalembe hina, utoto wofiirira wokongoletsera manja pa ukwati. Che Yusufu, amene tsiku limenelo ankazungulira pakhomo kufuna chothandiza, anavundukula beseni n'kupeza mathileyi odzaza ndi zamadzimadzi. Anawanyamula mwakachetechete kupita nawo ku filiji ya kugolosale. Magetsi, amene masiku ena onse ankazima, tsiku limenelo anayaka bwinobwino.

Anabwera nawo masana akumwetulira ngati apha mvuu. Kambulu kalikonse kanali ndi dzenje pakati, lolowa nsonga ya chala. Ndinayembekezera kuti kukhala ndewu. Abiti anayang'ana mathileyiwo, anayang'ana amuna awo, kenako anayamba kuseka mpaka misozi, manja ali m'mwamba chifukwa hina anali asanaume. Anachita kundipempha kuti ndiwapukute m'maso ndi mpango wawo.

"Che Yusufu, mwandiberekera ana ochuluka chonchi tsiku limodzi, aliyense ndi mchombo wake?"

Che Yusufu anadziteteza kuti thileyi ya m'filiji kwawo ndi m'filiji, ndipo palibe amene anawauzapo zina. Koma nthawi inali itapita. Phula latsopano linali kutali ku Songwe, amayi onse anali pa mapoto a mpunga, ndipo manja a Abiti sakanagwira kanthu osawononga hina wa ukwati wa mwana wawo. Anandiyang'ana ine.

"Lero manja anga ndiwe."

Anandiuza ndisiye mathileyi pamthunzi kuti kuzizira kuchoke, kenako ndiboole dzenje lililonse ndi kamtengo ka machesi, chifukwa pansi pa mchombo pamabisala mphako. Ndinadzaza makala m'ayironi ya amayi. Ndinkafuna kungoikhazika pamwamba kuti zithe, koma Abiti anali pakhutu langa, kundiuza kuti ndiiyendetse m'mwamba osakhudza, mpaka nkhope ya phula inyezimire. Mkono unkawawa, thukuta linkalowa m'maso, ndipo ndinatukwana m'Chinkhonde. Iwo anayankha kuti ndaga.

Ndiyeno anaitanitsa chitini chija. Phula lotsala ndinalisungunula m'madzi otentha, ndinadikira ndikuluma mlomo mpaka m'mbali munayera, n'kuthira pang'onopang'ono m'dzenje lililonse. Linakwanira timibulu tonse kupatula kamodzi. Tinavindikira ndi beseni, chitenje pamwamba, tinatseka zenera. Pakhomo pa chipindacho Abiti anakhazika Che Yusufu pampando kuti alondere, ndipo anawauza kuti woyamba kumuletsa kulowa akhale iwo eni.

Alendo atadya, tinatulutsa timibuluto. Tinali tosalala ngati dzira. Ndinaima pafupi ndi azakhali aja kuti ndione bwino. Anatenga kamodzi, anakatembenuza, anakasisita ndi chala chachikulu kufunafuna dzenje, ananunkhiza. Dzenje sanalipeze. Mbale ya timibuluto itadutsanso, dzanja lawo linatsika mwachangu n'kulowetsa kachiwiri m'chikwama. Abiti anaona. Anagwada pang'ono, anaomba m'manja mwawo mofiira, n'kuti, "Ndaga, apongozi." Ine ndinathawira kuseri kwa mpanda kukaseka.

Kambulu kaja kamene sikanadzazidwe Abiti anandipatsa ine. Anati kameneko n'kouma mutu ngati mwini wake.

Abiti ndi Che Yusufu anabwerera ku Mangochi kalekale. Za kusukulu zimene ndikukumbukira sizingadzaze kapu, ndipo sindikudandaula. Phula ndi limene likundidyetsa. Ndimapanga kuseri kwa nyumba ya amayi, anamwino ndi aphunzitsi omwe ankandikalipira amabwera kudzagula. Kudikira ndimadana nako mpaka lero, ndimaima pambali pa beseni ndikung'ung'udza. Koma sindivundukula, ndipo chitini sindimaliza. Kambulu kaja kali pazenera, fungo linatha, mchombo ulipobe. Mng'ono wanga akasuzumira m'chitini n'kundinena kuti ndine woumira, ndimamuuza asiye, limenelo lili ndi mwini wake.