Mmero wa Mayi Elenala Chikopa

Mayi Elenala Chikopa, a mphakati wa Anna Woyera kuno ku Kachulu, tinawaika m'manda mwezi watha. Anabadwira ku Likangala, m'banja la alimi a mpunga. Sukulu anangoinunkhiza basi. Ubwana wawo unathera m'munda, kupirikitsa mbalame. Katekisimu yekha ndiye anawalowa m'mutu, ndipo sanatulukemonso.

Anakwatiwa ndi a Samsoni, msodzi wa matemba. Chaka china mphepo inagubuduza bwato lawo, nyanja ya Chilwa osabweza mtembo. Nyanjayo itaphwa, mayiwa ankayenda pa matope ong'ambika aja, kolona m'manja, maso pansi. Ankangotola zidutswa za maukonde. Chinkawadya si umasiye ayi, koma kuti amuna awo anapita osalandira Ukaristia. "Ine ndisadzapite chimanjamanja choncho," ankatero.

Ana anawalera okha ndi ntchito yoyanika nsomba. Tchalitchi ankasesa ndi iwo, popanda wowatuma. Kuseri kwake anabzala mpesa umene anawapatsa asisitere ena, n'kumauthirira madzi a pa mjigo. Unkabala timphesa towawasa.

Atakalamba, mpunga unayamba kuwaima pakhosi. Kenako phala. Ku chipatala ku Zomba anati ndi khansa ya kummero, ndipo afika mochedwa.

A Hamisi, mnansi wawo wachisilamu wogulitsa nsomba, anamva pa wailesi kuti akatswiri akufufuza zinthu zina za m'makoko a mphesa ndi m'masamba ake, zimene mwina zingafooketse khansa. Pofika pa doko, nkhani inali itasanduka yakuti mpesa wa ku tchalitchi ukuchiza. Anthu anaupulula masamba, ena mpaka kukumba mizu.

"A Hamisi, wailesi yanuyo inati apeza?" anafunsa mayiwa ali pa mphasa.

"Inati akufufuza, mayi."

"Ndiye anzanuwo andimalizire mtengo chifukwa cha kufufuza? Nanenso ndinafufuzapo, m'nyanja muja."

Mwana wawo Christina anali atabisa katsango kamodzi ka mphesa. M'mawa wa tsiku limene ansembe analonjeza kubwera, anazifinyira m'kapu.

"Amayi, kungonyowetsa kukhosi chabe."

Mayiwa anatembenukira kukhoma. Iwo anasungabe lamulo la ubwana wawo: tsiku lolandira Ukaristia, m'kamwa simulowa kanthu, ngakhale madzi.

"Lamulo limenelo linatha kalekale! Komanso inu ndinu odwala!"

"Iwe Christina, njira yatsala muno ndi ya singano. Ukadutsitsa zakozo n'kutsekeka, Mwiniwake adzera pati?"

Mvula inali itawononga msewu, ansembe osaoneka. Dzuwa linafika pamutu, n'kupendeka. Milomo ya mayiwa inang'ambika. Sanabuule, maso okha pakhomo. Wina akadutsa panja ankadzutsa mutu, n'kuubwezanso. Christina anangokhala ndi kapu ija m'manja, akulira mokwiya.

A Hamisi ndiwo anakwera njinga yamoto n'kukawatenga ansembe, onse awiri matope mpaka m'maondo. Ansembe ataona kuti ngakhale kanyenyeswa ka mkate wopatulika sikangadutse, anachita Misa m'nyumba momwemo, a Hamisi akudikira pakhonde. Ansembewo anatunga dontho limodzi la vinyo wopatulika m'chikho ndi kasupuni, n'kuliika pa lilime la mayiwa.

Khosi lija linalimbana, linalimbana, kenako onse anamva kumeza.

"Wadutsa," ananong'ona Mayi Elenala. "Tsopano bweretsa zakozo."

Pamene Christina amawafikitsa kapu pamlomo, mayiwa anali atagona. Sanadzukenso.

Christina akuti mpaka lero, ansembe akakweza chikho pa Misa, amamva kumeza kuja pambali pake, ndipo satembenuka. Inu amene mmero wanu uli wotseguka bwinobwino, koma Lamulungu mumathera pa doko kukangana mitengo ya matemba, mwamva. Mzimu wawo uuse mu mtendere.