Miyezi ya lendi nayo akuti ndi chuma cha malemu

Lachiwiri sabata ino ndinasiya ntchito zanga n'kukakhala mboni pa nkhani ya nyumba. Ndinkayesa ndi zongopatsana kiyi n'kubalalika. Ndinabwerako mutu ukuwawa, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale m'malo.

A Nabanda ndi mnzanga woyandikana naye nyumba kuno ku Nsaru. Amuna awo, a Yohane, anatisiya mwezi watha. Anali mmisiri wowotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo, munthu wosamwa, woganizira za mawa. Mu Ogasiti ntchito itawayendera bwino, anapita kwa eni nyumba, a Gwaza, n'kulipiratu lendi ya chaka china chathunthu, chaka chakale chisanathe n'komwe. Tonse okhala m'nyumba za a Gwaza timadziwa chifukwa chake: ukalipiratu, sakukwezera lendi pakati pa chaka. A Yohane anandiuza okha pampopi, nkhope ili mwee, kuti tsopano ana awo azigona osaopa kugogoda kwa eni nyumba.

Sipanapite nthawi. Anadandaula mutu, tinapita nawo kuchipatala, sanabwereko.

Tsono mundiuze, mayi wa ana atatu wopanda ntchito angakhale bwanji pa Nsaru? Pano chilichonse n'chogula. Nkhuni n'zogula, madzi ogula, ngakhale chisoso chimene kumudzi timangothyola kuseri kwa nyumba. Makina owotcherera, abale a malemu anatenga kale pa tsiku lowasudzula, lija amamasula mkazi wamasiye kuti azipita kwawo. Anatenganso njinga ndi bedi. A Nabanda sanalimbane nawo. Kwawo ku Nambuma kuli munda wa mayi awo, ndipo mvula ili pafupi. Chosowa ndi feteleza ndi mbewu basi. Iwo anaganiza kuti miyezi yotsala ya lendi ija ikabwerera m'manja mwawo ngati ndalama, agula zimenezi, ana adzadya chaka chamawa.

Amene munakhalapo m'nyumba ya lendi mukudziwa kuti ndalama ikalowa m'thumba la eni nyumba siitulukanso. A Gwaza anayankha mosabisa kuti anagulira malata a nyumba ina imene akumanga. Ine sindinawaone kulakwa kwenikweni, n'chimene amafunira ndalama yolipiratu. Koma njira ilipo, ndipo ndi imene tonse timatsata kuno: wotuluka amafuna yekha munthu wolowa m'malo mwake, wolowayo n'kupereka ndalama ya miyezi yotsala kwa wotulukayo. Eni nyumba sataya kanthu, wotuluka sapita chimanjamanja.

A Nabanda anayenda, n'kumupeza munthuyo. Mphunzitsi wachitsikana amene angomutumiza kumene kusukulu ina ya kuno, amene ankagona pabalaza pa mnzake. Nyumba anaikonda, mtengo anavomera. Lachiwiri linali tsiku lopatsana kiyi pamaso pa a Gwaza, ine n'kukhala mboni.

Tangokhala pansi pakhonde, njinga yamoto inaima pabwalo. Anali a Lufeyo, akulu awo a malemu. Anawauza ndani, musandifunse. Pa Nsaru nkhani siigona panjira.

Anatipatsa moni mwaulemu ndithu, aliyense payekha, mpaka kufunsa za ana. Kenako anatembenukira kwa a Nabanda.

"Kodi alamu, mukugulitsa chiyani pano?"

"Sindikugulitsa kanthu, alamu. Ndikungosiya nyumba, ndizipita kwathu."

"Nyumba ndi ya a Gwaza, eti? Koma miyezi ili m'menemuyi analipira ndi mng'ono wanga, ndi thukuta lake. Tsiku lija tinawerenga makina, njinga, bedi. Miyeziyi simunaitchule. Munabisa chuma, alamu."

Ndinayang'ana a Gwaza, ndikuyesa aseka. Sanaseke. Anakanda m'mutu n'kunena kuti iwo anapangana ndi malemu, ndipo za m'banja la eni salowererapo. Kiyi apereka kwa amene abale agwirizana kuti alandire. Mphunzitsi uja anatola chikwama chake mwakachetechete, n'kunena kuti akuchedwa kukalasi. Sindikumuimba mlandu. Ndani angalipire ndalama yake kuti akagone m'nyumba ya mikangano?

Ine ndiye ndinalowererapo. Ndinanena kuti malamulo a dziko lino amati chosiya bambo ndi cha mkazi ndi ana. A Lufeyo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa mofatsa ngati ndinali nkhoswe pa ukwati umenewu. Anawonjezera kuti iwo sakuthamangitsa munthu. A Nabanda akafuna kukhala, akhale mpaka chaka chithe. Koma akatuluka, miyeziyo ibwerere kwa eni ake a malemu.

Akhale akudya chiyani? Khoma?

Atapita, ndinawauza a Nabanda kuti tipite kupolisi, kapena kubwalo la milandu, ine ndiwaperekeza. Anandiyang'ana ndi maso ouma, a munthu amene walira mpaka misozi yatha. Anati mvula siidikira mlandu, ndipo mlandu ukamadzatha anzawo adzakhala akupalira. Kenako anatsitsa mawu.

"Pamaliro paja ankanong'ona kale kuti mutu wanji wopha munthu msanga chonchi. Ndikalimbana nawo adzati ndinawapha ndine kuti ndidye miyeziyi. Ndidzalowera kuti, amayi?"



Abale anga, tafika pati? Kale tinkadandaula za kulanda mbuzi, mabulangete ndi mipando. Tinalankhula m'matchalitchi ndi m'mizikiti, pa wailesi, m'misonkhano ya pansi pa mtengo, mpaka tinayamba kudzinamiza kuti khalidweli likutha. Silikutha ayi. Langophunzira kuwerenga zinthu zatsopano. Lero tikulanda zosaoneka ndi maso, zosanyamulika pangolo. Tikulanda Novembala, Disembala ndi Januwale.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti timachita zimenezi mwambo uli pakamwa. Timati ana ndi a kuchikazi, ali ndi amalume awo, akawasamala. Chabwino. Ndiye ana apite kuchikazi, katundu apite kuchimuna? Anagawa chonchi ndani, kuti mbali ina itenge pakamwa, ina itenge mbale?

Ndipo taonani mmene timapanganirana za nyumba kumatauni athu ang'onoang'onowa, kaya ndi pa Nsaru, pa Namitete kapena pa Mpingu. Bambo amapita yekha kwa eni nyumba, amagwirana chanza, zatha. Timalipiratu chifukwa cha mantha, poti mitengo ya zinthu ikukwera ngati yalumidwa ndi mavu, ndipo aliyense akufuna kumangirira lendi isanathawe. Koma palibe amene amafunsa kuti nanga ndikasamutsidwa ntchito, nanga ndikadwala, nanga ndikafa, miyezi yotsala idzakhala ya ndani? Kufunsa chonchi timati n'kudziitanira tsoka. Eni nyumba nawonso safuna kumva, poti ndalama anaipangira kale ntchito isanafike n'komwe.

Mwina mukuti bwenzi atalemberana. Inenso ndinaganiza choncho usiku wonse. Koma pepala likanawaletsa a Lufeyo kuima pabwalo paja? Likanachotsa mantha a a Gwaza, kapena manong'onong'o a pamaliro? Malamulo alipo kale, olembedwa bwino, ndipo ndinawatchula ndi pakamwa panga. Anagonja pamaso pa funso limodzi lokha, loti kodi ndine nkhoswe. Ndatopa, abale, ndipo sindikuona kumene kuchokere thandizo, chifukwa wolanda si mlendo. Ndi munthu amene tinali naye limodzi kumanda, akulira kuposa tonse.

A Nabanda ananyamuka Lachinayi pa lole yochokera kumsika. Katundu wawo anali mphasa ziwiri, ndowa, mapoto ndi thumba la zovala. Azimayi a pamzere wathu tinasonkha kangachepe, kanangokwanira ulendo ndi mbewu pang'ono. Za feteleza palibe anatchula. Munda wa ku Nambuma ndi wotopa, a Nabanda anandiuza okha kuti popanda feteleza chimanga chake chimathera m'mawondo.

Dzulo m'mawa ndinamva ngolo ikuima pabwalo. A Lufeyo anali kutsitsa matumba a chimanga chimene anagula motchipa nthawi yokolola. Akuti kwawo kulibe malo abwino, koma nyumba iyi ndi ya simenti, siichita chinyezi, ndiponso ili pafupi ndi msika. Matumbawo awaunjika mpaka kudenga m'chipinda chimene ankagona ana. Akudikira Febuluwale, njala ikafika pachimake, kuti adzagulitse mtengo utakwera.

Febuluwale ameneyo adzafikanso ku Nambuma. Ana a Yohane akadzabwera ndi kabeseni pakhomo limene bambo awo analipirira, kudzagula chimanga kwa bambo awo aakulu, kodi adzawachotserako mtengo?