Munandiika M'gulu la Chi-Zi

Aphunzitsi, lero chakwana chaka chimwalirireni, ndipo amene tinaphunzira nawo ku Likoswe akulemba paliponse kuti munali munthu wabwino. Ine misozi ndilibe. Ndinali sitandade sikisi, tikuphunzira magulu a mayina. Kwathu tinkalankhula Chilomwe, ndiye lilime linaterereka, ndinati "nyumba wanga". Munandiimika kutsogolo, choko chili m'manja. "Munthu, anthu, ndi gulu la Mu-A. Nanga chitsiru ichi chili m'gulu liti?" Kalasi yonse inakuwa, "Chi-Zi!" Inu munaseka mpaka kutsokomola. "Eya, pamodzi ndi chitsa ndi chitini." Dzinalo linandimatirira. Teremu yotsatira sindinabwerereko, ndipo amayi anamwalira akuganiza kuti unali ulesi chabe.

Pano ndimagulitsa tomato pa Namadzi, ndili ndi ana anayi, koma dzana bambo wina wadazi anandikuwira ali m'minibasi, "Chi-Zi, ukadalipo?" Ndinkadikira tsiku loti mudzadutse pabenchi panga, ndidzakufunseni maso ndi maso kuti ndinakulakwirani chiyani. Mwathawa musanandiyankhe. Akukhululukireni Mulungu ngati afuna. Ine sindinafikepo.