Telala wa Mabondo Atatu

Ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo. Pambali panga pamakhala telala wamkazi ndi makina ake opalasa ndi mapazi. Takhala moyandikana zaka khumi ndi ziwiri. Iye ndiye amayankhula, ine ndimangomva.

Anthu amamutcha Mabondo Atatu. Pansi pa bondo lake lamanzere pali chotupa cholimba ngati dzira la nkhunda, fupa lenileni. Chinatuluka ali ndi zaka khumi ndi zitatu, chaka chimene anatalika mofulumira mpaka yunifolomu inamuchepera kawiri. Aphunzitsi anamuchotsa m'gulu la othamanga. Anzake anamupatsa dzinalo kuti alire. Lero lili pa makina ake, analilemba yekha ndi penti yoyera.

Sagwada. Chotupacho chikakhudza simenti chimalasa ngati msomali. Wofuna kuyezedwa diresi kapena buluku amakwera pa kreti ya mabotolo, telala n'kumabaya mapini ali pampando. Ngakhale bwana wovala tayi amakwera.

Anayambanso kuthamanga ali ndi zaka makumi anayi. M'mawa uliwonse ndikamatsegula bokosi langa amadutsa, akuchokera kumtunda kwa thanki ya madzi. Pokwera amapita bwino. Potsika nkhope imakwinyika. Akafika amakulunga madzi oundana m'kansalu kotsala, n'kumanga pabondo, n'kumapalasa makina ndi mwendo wamanja wokha.

Adokotala anamuuza kuti chotupacho sichidzatha. Anati alimbitse ntchafu, asatsike mtunda mwaliwiro, bondo likatupa apume. Sanamuletse. Woletsa anali mwamuna wake, dalaivala wa lole.

Tsiku lina telala atapita kukagula ulusi, mwamunayo anabwera ndi nsapato zothamangira m'jumbo. Soli yamanzere inali itamatuka.

"Madala, mayi a kwathu akuti muwakonzere izi. Koma inu muwauze kuti zafa."

"Sizinafe."

"Ndikudziwa. Koma mpikisano wothamanga umene alembetsa watsala masabata atatu, makilomita makumi awiri ndi imodzi. Dzulo anatsika masitepe akugwira khoma. Mukufuna ndikawatenge pa wilibala?"

Nanenso ndinkamuona akutsimphina. Ndinavomera.

Telala atabwera ndinamuuza kuti nsapato zake zafa, maso anga ali pa ulusi. Anatenga nsapato imodzi n'kuitembenuza.

"Madala, inu munaukitsa jombo za mlonda zimene galu anadya theka. Izi ndiye zakukanikani?"

"Zafa."

"Ziikeni m'manda ndiye. Kumaliroko sindibwera."

M'mawa mwake anadutsa nthawi yomwe ija, wopanda nsapato. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu panali timadontho ta magazi kuchokera pamsewu mpaka pachopalasira cha makina. Anandipatsa moni monga mwa masiku onse.

Ndinatulutsa nsapato zija pansi pa benchi. Soli imaulula mmene munthu amapondera. Yamanzere inali itadyeka mbali yakunja yokha. Ankaponda mopendeka pothawa ululu, ndipo nsapato yopendekayo inkapotozanso bondo. Ndinailinganiza ndi kachidutswa ka labala, ndinamata, ndinasoka. Kenako ndinadula kalamba kachikopa chofewa, koti azimanga pamwamba penipeni pa chotupacho, monga ndinaonera othamanga ena odutsa pamsewu.

Nsapatozo ndi kalambako ndinaziika pa makina ake.

"Zauka?" anafunsa.

"Zinangokomoka."

"Anakutumani ndi bambo a kwathu, eti?"

Ndinabwerera kubenchi kwanga n'kutola singano.

"Ndinadziwa. Bodza simulitha, madala. Mukanama mumasoka msanga ngati akukuthamangitsani."

Mwamuna uja anabwera Loweruka, nkhope ili gwa.

"Madala, tinagwirizana chiyani?"

Ndinamulozera madontho aja pa simenti. Ndinali nditawasiya dala osakolopa.

"Athamanga basi," ndinatero. "Inu sankhani, ndi nsapato kapena popanda."

Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Anachoka osatsanzika.

Kumpikisanoko sindinapite, miyendo yanga ndi ya pabenchi. Lolemba telala anafika mochedwa, akukoka mwendo, bondo lili ngati dzungu. Anati pamtsetse paliponse ankayenda, anthu n'kumamupitirira, pokwera iye n'kumawapeza. Anamaliza pamodzi ndi omalizira, otola mabotolo ali m'mbuyo mwake. Pamzere womalizira anapeza mwamuna wake ataima ndi ndowa ya madzi oundana.

"Wilibala anabwera nayo?" ndinafunsa.

"Inali m'lole. Ndinawauza akweremo okha."

Sabata imeneyo sanathamange, monga ananenera adokotala. Lachisanu anakweza mayi wina pa kreti, mapini ali kukamwa. Ndi phazi lamanja anakankhira nsapato zija kubenchi kwanga.

"Chala chayamba kusuzumira. Mpikisano wina watsala miyezi inayi. Zisafenso, madala."

Ndinatenga singano.