Tsiku Limene Ndinasambitsa Mayi wa Mkuwa

"Amake mwana, sabata yonseyi sindinakuoneni mukuthamangira kukakwera matatu. Ku Ngong kwagwanji?"

Anandifunsa choncho mayi woyandikana naye nyumba ku Kahawa mu Nairobi, Mmalawi mnzanga, tikuyanika matewera pa chingwe chimodzi. Ndinati ndapatsidwa tchuthi. Iwo anayang'ana manja anga, amene anali atayanika thewera, kulianula, n'kuliyanikanso.

"Tchuthi chake n'chosakhazika munthu pansi," anatero.

Tinabwera ku Nairobi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, amuna anga atapeza malo ku yunivesite. Iwo ankasowera m'mabuku, ine n'kutsala m'chipinda chimodzi ndi khanda. Chipinda chimodzi sichichedwa kusesa. Pofika naini koloko ndinkakhala nditakolopa kawiri, n'kumangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Kutchalitchi n'kumene ndinamva kuti mayi wina wa kwathu, wamasiye, wogwira ntchito ku bungwe lina lalikulu, akufuna munthu wosamala m'nyumba ku Ngong. Matatu, maminibasi a kumeneko, awiri popita, awiri pobwera, mwana kumsana. Sindinaone kutalika.

Pabalaza pawo panali kabati yagalasi, ndipo m'menemo munali tianthu titatu ta mkuwa, kalikonse kotalika ngati chikhatho changa. Kena kanali kankhalamba kosenza dengu, kena kamwamuna kowerama ngati kakukanda ufa wa buledi. Kachitatu kanali mayi wonyamula mwana m'chiuno, khosi litapendekeka, ngati amene wadikira basi nthawi yaitali.

"Izi zinali za malemu," abwanawo anandiuza tsiku loyamba. "Anapatsidwa ndi mphunzitsi wawo kunja. Ziwiri n'za ku Girisi, mayiyu ndi wa ku Iguputo. Si mafumu kapena milungu ayi, ndi anthu wamba ngati ife."

Za Iguputo ndinkazidziwa m'Baibulo mokha, za Farao ndi njerwa. Sindinkadziwa kuti kunalinso amayi otopa ndi kunyamula ana. Ndinamukonda mayi ameneyu. Ndikamapukuta galasi ndinkamupatsa moni chamumtima.

Koma anali wobiriwira thupi lonse, mwina modera, mwina ngati ndere za pachitsime. Kwathu chitsulo chikabiriwira ndiye kuti mwini wake ndi waulesi. Amayi anga ankatibweza kudambo poto akapanda kuwala. Tsono tsiku lililonse ndinkaona kubiriwirako, manja n'kumandiyabwa. Ndinkati abwana alibe nthawi, ndipo amene ankagwira ntchito ine ndisanabwere anali wamphwayi. Ndinapirira miyezi isanu ndi iwiri.

Kenako abwana anapita ku msonkhano kunja kwa masiku anayi. Tsiku lachiwiri ntchito inali itatha yonse, ngakhale makatani nditachapa. Mwana anagona. Ndinakhala pampando, n'kudzuka, n'kukhalanso. Ndinatsegula kabati.

Ndinagula mandimu atatu pa kiosiki ya pamsewu, n'kutapa phulusa pambaula ya mlonda. Mayi wa mkuwa uja ndinamuviika m'madzi a mandimu ndi mchere, n'kuyamba kukwecha ndi kawaya kotsukira mapoto. Sindinachite mwaphuma. Ndine munthu wodekha pa ntchito, ndipo ndinamukhalira masana onse. Madzi anabiriwira, ndinataya, ndinathira ena. Msana wake unayamba kuwala mofiirira, mtima wanga n'kumati myaa.

Nditafika kumaso m'pamene ndinaona kuti chinachake chalakwika. Maso aja, milomo ija, timizere ta tsitsi, zonse zinali m'chobiriwiracho. Pansi pake panalibe nkhope, koma chitsulo cha timaenje ngati chadyedwa ndi chiswe. Mutu wa mwana unatsala ngati nsawawa yosenda.

Ndinamubwezera m'kabati. Ndinamuika kumbuyo kwa nkhalamba ija, kenako kutsogolo, kenako ndinamutembenuzira kukhoma. Masiku awiri otsalawo ndinasesa bwalo limene linali losesa kale.

Abwana atabwera sanavule n'komwe nsapato. Anaima pa kabati nthawi yaitali.

"Mwamutani?"

"Ndinamutsuka, mayi. Anali ndi dzimbiri."

"Dzimbiri limenelo linali khungu lake, mwana wanga. Lakhala pa iye kuyambira Ambuye Yesu asanabadwe."

Anamunyamula m'manja onse awiri, n'kusisita ndi chala pamene panali maso.

"Malemu ankati mayiyu akufanana ndi amayi awo. Chithunzi cha amayi awowo tinalibe."

Ndinagwada. Anandidzutsa okha, ndipo sanakalipe. Anati akudziwa kuti sindinachite mwadala, kuti iwonso analakwa posandiuza. Ndinagwiranso sabata ziwiri, kabati ili yokiya. Koma ndikalowa pabalaza iwo ankatuluka. Loweruka lina anandiitana kukhitchini.

"Sindikukusungirani chakukhosi," anatero. "Koma ndikakuonani ndimaona mandimu. Mundikhululukire."

Zonsezi ndinawafotokozera mayi oyandikana nawo aja tsiku lomwelo la matewera, titakhala pakhonde tikusadzula sukuma, ndiwo zamasamba za kumeneko. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye inu, asisi, ndinu woyamba m'Nairobi muno kuchotsedwa ntchito chifukwa cha ukhondo," anatero. "Bwerani mudzakweche mapoto anga, alibe nkhope."

Ndinaseka pang'ono, koma sukumayo ndinamudula mpaka anasanduka ngati utuchi.

Patapita zaka, mwana wanga ali ku pulayimale, anabwera ndi buku la sukulu lokhala ndi chithunzi cha tianthu totere. Tonse tinali tobiriwira. Anandifunsa chifukwa chake satitsuka. Ndinamuuza kuti pali zinthu zina zimene zimafuna kungochotsedwa fumbi basi. Mpaka lero ndikamapukuta chinthu cha mwini ndimayamba ndafunsa, ngakhale manja akuyabwa.

Ndikawerengera, zimene zinapita masana amenewo ndi izi: mandimu atatu, ntchito ya miyezi isanu ndi iwiri, ndi nkhope ziwiri, ya mayi ndi ya mwana wake.