Denga la Chimanga cha Atikonda

Mukafika ku Tottenham Lamulungu m'mwezi wa Sepitembala, musavutike kufunsa komwe kuli Atikonda. Ingoyang'anani pomwe amayi otchena akukankhana kumbuyo kwa vani yoyera ngati sanachokere m'mapemphero. Pakati pawo mupezapo mayi wamfupi wa majombo amatope, akusenda mondokwa kuti onse aone kuti ndi woyera, wa kwathu, osati chachikasu chotsekemera chija Angerezi amachitcha chimanga. Ameneyo ndiye Atikonda, mwana wa ku Kasungu, mlimi wa mu London.

Anthu akamva zoti mlimi wa mu London amaseka, ndipo iye amawasiya aseke. Anabwera kuno kudzasamalira okalamba monga anabwerera ambiri, ndipo anawasambitsa ndi kuwadyetsa mpaka msana unayamba kudandaula. Mwamuna wake Biswick akadali pantchito yomweyo. Koma Atikonda manja ankamuyabwa. Tsiku lina anakwera basi mpaka komwe nyumba zimathera, cha ku Enfield, n'kukagogoda pageti pa mzungu wina wokalamba woweta akavalo, dzina lake Maurice, kupempha kachigawo ka munda ka lendi. Maurice anavomera, mwina pongofuna kuona kuti zitha bwanji.

Mkuluyo anamupatsa lamulo limodzi lokha, loti kuno chimanga sichituluka panja mwezi wa Meyi usanathe, chifukwa chisanu chimabwerera anthu ataiwala. Choncho chaka chilichonse Atikonda ankafesa m'timathireyi, n'kutindandalika m'mawindo onse a fulati yawo. Biswick ankadandaula kuti m'nyumba mwake momwe wasanduka mlendo wa mbande, koma mondokwa ukapsa ndiye ankayamba kudya.

Kenako chinafika chaka cha mliri wa korona. Matchalitchi anatsekedwa, maukwati ndi zinkhoswe zinaima, ndipo Atikonda anasowa pogulitsira mfutso ndi mpiru zomwe zinkamulipirira lendi ya munda chimanga chisanache. Biswick ankabwera kuchokera kuntchito osafuna kunena kuti lero kwapita ndani mwa okalamba aja. Munda wokha ndiwo unali wotsegula. Mwezi wa Epulo umenewo dzuwa linawomba ngati la Okutobala kwathu, nthaka inauma gwaa, ndipo mwezi ukutha kunagwa mvula, dothi n'kutulutsa fungo lija. Munthu wokulira ku Kasungu akamva fungo limenelo, miyendo imapita yokha kumunda. Atikonda ananyamula mathireyi onse n'kukawokera, osasiyako ngakhale imodzi. Maurice anakuwa momuletsa ali kutali kuseri kwa mpanda, iye n'kungomubayibitsa mosangalala.

Chisanu chinabwera pakati pa Meyi. M'mawa mwake Atikonda anapeza mizere yonse itagona, masamba ali bii ngati wina wawathira madzi otentha. Anakhala pansi pamatope pomwepo n'kulira mokweza, zomwe sanachite ngakhale tsiku lomwe ankasiya kwawo.

Maurice sananene kuti ndinakuuzani, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa. Anangofotokoza kuti chimanga choyera chimafuna nyengo yaitali, ndipo chobzalanso tsopano sichingakhwime kuzizira kusanabwerere, pokhapokha chitakhala m'shedi ya pulasitiki. Anawonjezera, maso ali pansi, kuti pali anthu a akavalo omwe akhala akufunsa za malowo, ndipo iyenso mliri wamupanikiza. Chaka chino chikapita popanda zokolola, munda nawo upita.

Masiku omwewo boma linali litangotsegula ngongole yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono. Woyamba kuitchula anali Oswald, bambo wa ku Chipata amene amanyamula katundu wa Atikonda pa vani yake.

"Amai, tengani chabe," anatero Oswald, ataima patali monga lamulo linkanenera. "Ni loni ya boma, chaka choyamba simulipila olo kangono. Muyopa chani? Banzanu batenga kudala, benangu bagulila na mamotoka."

Biswick sanagwirizane nazo. "Mayi a Sandra, ndalama zimenezo ndi za amene awatsekera ma shop. Ife tili panja, palibe watiletsa kugwira khasu. Ndiye chatiphera mbewu ndi frost, si korona."

"Nanga pa tchalitchi pomwe ndinkagulitsira watseka ndi frost?" anayankha Atikonda. "Musandiphunzitse zimenezo, bambo a Sandra. Yondiyenera ikundiyenera. Kungoti sinditenga."

Chifukwa chake ankachidziwa ndi iye yekha, ndipo chinali chakale. Ali kamtsikana, bambo ake anali m'kalabu ya alimi, momwe ankatenga feteleza ndi mbewu pa ngongole ya boma. Chaka china mvula inadula chimanga chikumasula. Otolera ngongole atabwera sanapeze mbuzi kapena njinga, ndiye anakwera padenga n'kuyamba kusasula malata. Atikonda amakumbukirabe kulira kwa misomali ikuzuka, dzuwa likulowa m'chipinda momwe silinalowemo chikhalire, ndi bambo ake ataima pabwalo chipewa chili m'manja, mudzi wonse ukuonerera. Tsiku limenelo analumbira mumtima kuti ndalama ya boma sadzaigwira. Anafika nalo lumbiro limenelo mpaka ku Ulaya, ndipo ankalinyadira.

Koma lumbiro silikanamera m'mizere yakufa ija, ndipo masiku obzala ankatha. Anayesa kwa anzake a chipereganyu, n'kupeza kuti aliyense watumiza zake kumudzi. Mapeto ake, Loweruka lina masana ali kumunda, anaimbira mchimwene wake Felton, amene amakonza njinga pa Kasungu boma. Sankafuna malangizo. Ankafuna munthu womuuza kuti wachita bwino kukana.

Felton anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anaseka, kuseka kwake kosowetsa mtendere kuja.

"Iwe Atikonda, malata ajawo umaganiza kuti anachokera kuti?"

"Anagula bambo."

"Anagula ndi chiyani? Usanabadwe iwe tinkagona m'nyumba yaudzu yodontha. Bambo analowa kalabu, anatenga feteleza, anakolola, anabweza, anatenganso. Malata anabwera choncho. Yunifomu yako yoyamba inabwera choncho. Iwe unangoona tsiku lomwe ankatsika, ine ndinaonanso tsiku lomwe ankakwera."

"Koma achimwene, anawachititsa manyazi."

"Eya, ndipo ndinalipo. Chomwe bambo ankadandaula mpaka kumwalira si choti anatenga ayi. Ankati ngongole yonse anaikwirira m'nthaka n'kumadikira kumwamba. Basi, ndili ndi kasitomala."

Atikonda anakwiya, poti palibe chokwiyitsa ngati mchimwene wako akamanena zoona uku akupopa tayala. Anazungulira munda wonse akumutukwana chamumtima. Zaka zonsezi ankayesa kuti akulemekeza bambo ake, chonsecho ankangosunga manyazi awo n'kutaya khama lawo. Atafika pageti, mtima unali utakhazikika.

Madzulo ake anauza Biswick asanavule n'komwe nsapato za kuntchito.

"Nditenga. Koma ya shedi yokha, ndi yothirira. Lendi ndilipira ndi chimanga."

"Nanga chikakanika?"

"Ndibwerera ku care home, ndizikasambitsa agogo mpaka ithe. Msana ndi wanga. Koma munda uja akavalo sadyapo."

Oswald atamva kuchepa kwa zomwe anapempha anagwira pamutu. "Amai, mwaenda ku chitsime na kapu!" Atikonda anamuuza kuti kapu ndi yomwe angathe kubwerera nayo osatayira.

Zitsulo ndi pulasitiki zinafika pa vani ya Oswald yomweyo. Anamanga shediyo anthu atatu, Atikonda, Biswick ndi Oswald, Maurice akulozera ali kuseri kwa mpanda wake. Mphepo inalanda pulasitiki kawiri n'kukaikoleka pamtengo, ndipo Biswick, munthu woti ndi dikoni, ananena mawu ena omwe sitingawalembe pano. Pomwe denga linkakwera, mbande zatsopano zinali zitadzazanso mawindo a kunyumba. Atikonda anaziwokera chogwada, imodziimodzi, m'kati motentha ngati Kasungu weniweni.

Chimanga cha chaka chimenecho chinachedwa ndipo sichinali chambiri, tisanamizane. Koma chinacha. Oswald ankayenda nacho khomo ndi khomo, Tottenham mpaka Barking, n'kumasiya pakhonde. Anamwino ena ankatuluka atatopa, nkhope zili ndi mizere ya masiki, n'kuyamba kusenda pakhomo pomwepo kuti anunkhize. Maurice analandira lendi yake, ndipo anthu a akavalo anakafuna kwina.

Musaganize kuti nkhaniyi inathera m'chisangalalo chokhachokha. Ngongole ndi ngongole, ndipo chaka chopuma chija chitatha inayamba kugogoda mwezi ndi mwezi, osafunsa ngati nkhono zadya mpiru kapena mafuta akwera. Panali nyengo yozizira ina yomwe Atikonda anabwereradi kukagwira mashifiti kwa okalamba, monga ananenera. Ena mwa omwe anagulira magalimoto aja masiku ano sayankha foni ya nambala yachilendo. Munthu akamufunsa ngati wabizinesi ya panja ankayenera kutenga ngongole imeneyo, Atikonda sayankha za anthu onse. Amati iye anatenga ya chinthu chomwe angachiloze ndi chala, ndipo amachiloza.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe sanasiye. Chaka chilichonse, mvula yoyamba ya Epulo ikagwa n'kutulutsa fungo lija, miyendo imamutengerabe kumunda. Kubzala panja sabzala, anaphunzira. M'malo mwake amatenga sipanala, n'kukwera makwerero, n'kuyamba kumanga mabawuti a denga la shedi, limodzi ndi limodzi, ngakhale omwe ali olimba kale. Mvula imachita phokoso papulasitiki ngati pamalata, ndipo pansi pake mbande zimakhala zili bwinobwino.

Chaka chino Biswick anaima m'munsi, kolala ya jekete ili m'makutu, akuyang'ana mkazi wake wa imvi zoyamba ali pamwamba.

"Mayi a Sandra, tsikani. Kuno sasasula madenga. Palibe akubwera."

"Ndikudziwa," anatero Atikonda, akukoka sipanala ndi manja awiri. "Ili lokha silitsika. Gwirani makwerero."