Njinga ya aTembo ilibe mabuleki

Loweruka lapitali ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koyamba chimwalirire amuna anga. Ndinasekera panjinga, pamsewu wa ku Chongwe, chitenje chili petupetu.

Amuna angawo, aTembo, anasiya njinga yakuda yonyamulira malasha. Chaka chathunthu yangotsamira khoma kwathu ku Kalikiliki. Sabata yatha alamu anga, ang'ono awo a malemu, anabwera n'kuyamba kudinadina matayala.

"Mulamu, iyi nizatenga pa Sondo. Imwe muzachita nayo chani?"

"Nizayambo yendapo."

"Imwe? Mukafika nayo ku Chongwe, ninshi ni yanu."

Ananena moseka. Sanadziwe kuti kutchalitchi analengeza ulendo wa panjinga wa anthu ambiri, wopita ku Chongwe komweko. Sanadziwenso kuti kupalasa ndinaphunzira ndili mtsikana ku Katete.

Mapatapata sakanatheka, ndiye ndinavala nsapato za malemu, masokosi awiriawiri.

Poyambira ulendo, anthu ngati nyerere. Makabudula othina, zipewa zonga chigoba cha kamba, njinga zopepuka zonyamula ndi chala. Mayi wina anati anapalasapo mpaka ku Livingstone, masiku asanu, kugona m'tenti. Ndi amene anandibwereka chipewa, ndinachivala pamwamba pa duku.

Pokwera mtunda ndinali womaliza. Ndani angadabwe? Njinga ija imalemera ngati ng'ombe.

Kenako kunabwera chitsikiro.

Ndinafinya mabuleki. Zii. Ndinafinyanso. Zogwirira zilipo, koma zongokongoletsa. Ndinadutsa a makabudula khumi, ndinadutsa mayi wa ku Livingstone. Iwo kuwomba m'manja, kuyesa ndikupikisana nawo, pomwe ine ndikutchula mayina a ana anga mmodzimmodzi.

Tsidya lina la msewu bambo wina ankakankha matumba a malasha. Anakuwa: "Iyo ni njinga ya baTembo! Amai, nsapato pa tayala! Yakumbuyo!"

Ndinaponda tayala ndi chidendene. Pansi pa nsapato yakumanja pali ngalande yakale, ndipo tayala linalowamo ndendende. Mphira unanunkha, njinga inafatsa.

Zaka makumi awiri ndinkawakalipira aTembo kuti amayenda mokhwekhwereza mwendo, n'chifukwa nsapato imodzi yokha imatha. Iwo ankangoti, "Iwe, nsapato ili pa nchito." Za mabuleki sanandiuze, ankadziwa kuti sindikanawalola kutuluka pakhomo.

Apo ndiye kuseka kunandigwira. Misozi inalipo, koma sindinaifunse kuti ndi ya chiyani.

Tsono ndikufunseni, anzanga. N'chifukwa chiyani mkazi wamasiye timafuna azikhala ngati njinga yotsamira khoma? Akaseka mokweza, ati waiwala msanga. Akagwira chida cha mwamuna wake, ati achitepo chiyani, tibwere titenge. Amene anathamangira mabedi ndi mawayilesi tsiku la maliro timawadziwa, ena timakhala nawo benchi imodzi Lamulungu. Chakudza sichiimba ng'oma, mawa wotsala akhoza kukhala inu.

Ku Chongwe ndinafika dzuwa lili paliwombo, pambuyo pa onse. Anandijambula pafoni, pobwerera njinga inakwera lole.

Lamulungu alamu anabwera. Anayang'ana chithunzi nthawi yaitali, kenako anakanda mutu.

"Ni yanu, mulamu. Koma nibwelekeniko nizungulileko chabe."

"Tengani. Manje izo nsapato zanu za ku chalichi, muzikonda?"

Sanamvetse. Ndiwauze, kapena ndiwasiye akafike kaye pachitsikiro cha ku Mtendere?